Bucha ndi Estica, Izeki ndi Jakobo: tisanyoze nthabwala za anthu awiriawiri

Anzanga aphunzitsi ndi inu makolo, lero ndikufuna tikambirane za chinthu chimene ambiri timachiika m'gulu la zachibwana: timafilimu takale tanthabwala ta anthu awiriawiri, tija wina amagwa pa makwerero mnzake n'kumuponda chala pofuna kumudzutsa. Maganizo anga ndi akuti timafilimu timeneti ndi tabwino kwa ana athu kuposa zambiri zimene akuonera m'mafoni masiku ano, komanso kuti luso lake ndi lomwe lija ife a kuno kumalire tinakula nalo pomvera Izeki ndi Jakobo. Ndikudziwa kuti ena simugwirizana nane. Ndifotokoza zifukwa zanga, ndipo madandaulo anu sindiwazemba.

Tiyambe ndi eniake. Stan Laurel anabadwira ku Ulverston, ku England, mu 1890. Oliver Hardy anabadwira ku Georgia, ku America, mu 1892. Aliyense anali atasewera kale m'mafilimu ambiri payekha, koma mu 1927 kampani ya Hal Roach ku California inawaphatikiza kuti azisewera limodzi. Anaonekera limodzi m'mafilimu oposa 100, ndipo ambiri mwa amenewa ndi aafupi, a mphindi 20 kapena 30 basi. Ife amene tinaphunzira m'Chipwitikizi timawadziwa kuti Bucha e Estica. Ku Brazil amati O Gordo e o Magro, ku Italy amati Stanlio e Ollio. Wonenepayo ndi Hardy, woondayo ndi Laurel. Onse amavala zipewa zofanana zozungulira, ndi masuti otha koma osamalidwa, monga amavalira munthu wosauka amene sakufuna kuti umphawi wake uonekere kunja.

Filimu yawo yotchuka kwambiri ndi The Music Box ya mu 1932, imene inalandira mphoto ya Oscar. Nkhani yake ngakhale mwana wa kalasi yoyamba angaifotokoze. Awiriwa atumidwa kukasiya piyano kunyumba ina, ndipo nyumbayo ili pamwamba pa chitunda, kumapeto kwa masitepe oposa 130. Masitepewo alipo mpaka lero ku Silver Lake, mumzinda wa Los Angeles. Amatsitsa chibokosi cha piyano pa ngolo yawo yokokedwa ndi hatchi, n'kuyamba kukwera nacho. Akafika pakati pamapezeka chosokoneza, piyano n'kuwapulumuka, gubudugubudu mpaka kumsewu, ikulira yokha m'bokosimo. Amayambiranso. Imawapulumukanso. Pomwe amafika nayo pamwamba, thukuta lili kamukamu, wopereka makalata amawauza kuti avutika chabe, pali msewu wozungulira umene ngolo ikanadutsa mpaka pakhomo. Mukudziwa chimene amachita atamva zimenezi? Amanyamula piyano ija, kutsika nayo masitepe onse aja, kuikweza pa ngolo, kuti abwere nayo kudzera njira yoyenerayo.

Ndaonapo anthu amene sadziwa ngakhale liwu limodzi la Chingerezi akugwira nthiti pamenepa, ndipo chifukwa chake si chovuta kumvetsa. Iyi ndi nthabwala ya anthu ogwira ntchito. Aliyense amene anakankhapo njinga yodzaza matumba a makala pa zitunda za msewu wa N7 pokwera ku Zóbuè, kapena amene anathandizapo kukweza bedi pamwamba pa chapa, amadziwa kuti katundu ali ndi nzeru zake, ndipo amadikira nthawi imene wapumira kuti akuchititse manyazi. Kutsika nayo piyano kuja nakonso si kwachilendo kwa ife. Ndi angati amene tinabwezedwapo ndi pepala losainidwa kale, ati tikayambirenso chifukwa tinalowera khomo lolakwika? Timaseka Bucha ndi Estica chifukwa uchitsiru wawo tinaulawapo, mwina dzulo lomweli.

Chinthu chachiwiri chimene chimakoma m'timafilimuti n'chakuti sitithamanga. Woonera amaona ngozi isanachitike. Amaona chidebe chili kumbuyo kwa Hardy, amaona kuti Hardy akubwerera chammbuyo, ndipo amapatsidwa nthawi yoti mtima uyambe kugunda. Zimenezi sizinkangochitika. Laurel, amene pa filimu amaoneka wopepera, ndiye ankakonza nthabwala zambiri ndi kuyang'anira kadulidwe ka filimuyo. Asanaitulutse ankayamba aionetsa kwa gulu la anthu, n'kumvetsera pamene akuseka, kenako n'kukaikonzanso kuti phokoso la kuseka lisaphimbe chotsatira. Mwana akamaonera, mumamumva akukuwa kuti, "Agwa! Agwa ameneyo!" Ife aphunzitsi tikudziwa kuti mwana amene akutha kulosera chimene chikubwera m'nkhani ndiye kuti akutsatira chiyambi ndi zotsatira zake. Luso limeneli ndi lomwe timavutika kulidzala pophunzitsa kuwerenga.

Filimu ina imene ndimaikonda ndi Big Business ya mu 1929, yopanda mawu. Awiriwa akuyenda khomo ndi khomo kugulitsa mitengo ya Khirisimasi. Afika pakhomo pa bambo wina wosachedwa kupsa mtima, amene ankaseweredwa ndi James Finlayson. Bamboyo akukana kugula n'kumenyetsa chitseko, koma nthambi ya mtengo yapanikizika pachitsekopo. Agogodanso, achotsa nthambi, chitseko chitsekedwa, tsopano chapana jekete. Bamboyo atopa, atenga chodulira n'kuduladula mtengowo. Apa ndi pamene nkhondo imayambira. Iwo aononga kanthu pa nyumba yake, iye apita kukaononga kanthu pa galimoto yawo. Chosangalatsa n'chakuti palibe amene amaletsa mnzake. Wina akamaswa zenera, mwini nyumba amaima n'kumaonerera mpaka amalize, kenako amapita kukathyola chake mwaulemu wonse, enawo ataima n'kumaonerera. Wapolisi ali chapatali, akungolemba m'kabuku. Pomaliza nyumba yasanduka bwinja, galimoto yasanduka mulu wa zitsulo.

Kodi simunaionepo nkhani imeneyi pamudzi panu? Mbuzi yadya chimanga cha mnansi, mnansi waithyola mwendo, mwini mbuzi wagwetsa mpanda, winayo watseka njira ya kuchitsime, ndipo pofika kwa amfumu palibe amene akukumbukira kuti inayamba ndi mapesi angati. Filimuyi silalikira. Palibe amene amatembenukira kwa woonera n'kunena kuti kubwezera n'koipa. Mwana amangoona yekha kuti anthu atatu akuluakulu atsala opanda kanthu chifukwa cha kanthambi, ndipo amaseka. Phunziro limene mwana walitola akuseka limakhalitsa kuposa limene tamulembera pa bolodi kuti akope.

Nanga n'chifukwa chiyani amafunika kukhala awiri? Munthu mmodzi akagwa, timamumvera chisoni kapena timangodutsa. Akakhala awiri pamabadwa nkhani, chifukwa pali woimba mlandu ndi woimbidwa mlandu. Hardy amadziona ngati bwana. Amakankhira mnzake pambali kuti iye ayambe kulowa pakhomo, amaseweretsa tayi yake polankhula ndi amayi, amafuna kusonyeza mnzakeyo mmene ntchito imagwiridwira. Laurel amakanda m'mutu, amalira ngati mwana zinthu zikavuta. Koma amene njerwa imamugwera pamutu nthawi zambiri ndi wodziwa uja. Ikamugwera, amatembenuka n'kuyang'ana ife oonera m'maso, ngati akutifunsa kuti, mwaona zimene ndikukumana nazo? Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Awiriwa amasenza dengalo ndi mitu iwiri n'kuligwetsa, koma mawa lake mumawapeza ali limodzi, akufunafuna ganyu ina. Amakangana, amamenyana ndi zipewa, koma satayana. M'nthano za Kalulu ndi Fisi wochenjera amapambana, wopusa amalangidwa. Kwa Bucha ndi Estica onse ndi opusa, onse amaluza, ndipo chimene chimatsala ndi ubwenzi wawo. Ine ndimaona kuti ichi ndicho chimawachititsa kukondedwa mpaka lero.

Tsopano tibwere kwathu. Ife a ku Zóbuè sitinafunike kupita ku California kuti tidziwe kukoma kwa nthabwala za awiriawiri. Tinali ndi malemu a John Nyanga, amene tonse tinkawadziwa kuti Izeki, ndi malemu a Eric Mabedi, a Jakobo, a gulu la zisudzo la Kwathu ku Blantyre. Wailesi ya MBC simaima pa chipata cha Mwanza kuti ionetse pasipoti, imamveka bwinobwino m'midzi yathu. Komanso pa nthawi ya nkhondo anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ambiri mwa iwo ochokera kuno ku Tete, ndipo pobwerera pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 sanabwere ndi mapoto ndi mabulangete okha. Anabweranso ndi nyimbo, zisudzo ndi nthabwala zimene anazolowera kumeneko. Ife amene tinakula pambuyo pake tinazipeza m'makaseti ndi m'madisiki ogulidwa ku Mwanza, tikuonera titapanikizana pa mabenchi m'tinyumba ta vidiyo.

Kapangidwe ka nthabwala zawo n'kofanana ndi ka anzawo a ku America aja. Jakobo ankaoneka wodziwa zinthu, wofuna kulongosola. Izeki ankamva zakezake, n'kuyankha mokhota, ndipo pofika kumapeto sunkadziwanso kuti wopusa weniweni ndani. Ku Malawi komweko kunalinso Chindime ndi Samalani, ku Lusaka Bikiloni ndi Difikoti ankaseketsa anthu m'Chinyanja cha m'tauni. Sizinangochitika mwangozi kuti onsewa anali awiriawiri. Kusiyana kwake n'kwakuti Bucha ndi Estica amaseketsa kwambiri ndi thupi, pamene Izeki ndi Jakobo ankaseketsa kwambiri ndi pakamwa: liwu limodzi la matanthauzo awiri, mwambi wopindidwa dala, ulemu wopitirira muyeso umene umasanduka chipongwe. Yesani kumasulira nthabwala ya Izeki m'Chipwitikizi kwa mnzanu wochokera ku Maputo. Mudzafika kumapeto inu mukuseka nokha, iye akukuyang'anani mwaulemu.

Vuto limeneli Laurel ndi Hardy anakumana nalo. Mafilimu opanda mawu ankayenda dziko lonse mosavuta, koma mawu atalowa m'mafilimu awo mu 1929, msika wa kunja unali pangozi. Ndiye m'zaka za 1930 ndi 1931 ankajambula filimu imodzi kangapo, iwo eni akulankhula Chisipanishi, Chifalansa, Chijeremani kapena Chitaliyana, zilankhulo zimene sankazidziwa. Mawuwo ankawalembera pa bolodi kuseri kwa kamera monga mmene amamvekera, iwo n'kumangowerenga. Anthu a kumaiko amenewo anakonda katchulidwe kawo kokhotakhotako. Akatswiri otchuka chotero anaona kuti n'koyenera kuthyola lilime lawo kuti munthu aseke m'chilankhulo chake. Kugwa pa masitepe kumamveka kulikonse, koma nthabwala ya pakamwa imafika pa mtima ikabwera m'chilankhulo cha kunyumba. Mwana wathu ayenera kukhala nazo zonse ziwiri.

Ndipo tisaganize kuti kuseketsa ndi thupi tinaphunzira kwa azungu. Amene anafikapo pabwalo la Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, akudziwa kuti pali zilombo zina zimene zimatuluka anthu n'kufa ndi phwete chifukwa cha kayendedwe kokha. China chimatsanzira chidakwa, china mlendo wodzikuza, china munthu waulesi, popanda kutulutsa liwu. Tilinso ndi chisuweni, pamene msuweni amakunena mawu oti wina atanena mukhoza kukafika kwa amfumu, koma inu mumangoseka n'kubweza. Makolo athu ankadziwa kuti kuseka kuli ndi malamulo ake: ndani angasekedwe, ndani angaseke, pa malo ati, ndipo polekezera ndi pati.

Malamulo amenewa ndi amene ndikuona kuti akusowa pa zimene ana athu akuonera lero. Pitani pa msika wa Moatize pamene amalowetsa mavidiyo m'timakhadi ta foni, kapena muone zimene zikuzungulira pa WhatsApp ndi TikTok wina akangogula mamega. Anyamata aopseza agogo ogulitsa tomato kuti awajambule akuthawa. Wina wajambula bambo woledzera atagwera m'ngalande. Wina wajambula munthu wodwala misala, wina wachibwibwi, wina mayi wa kumudzi amene waphonya liwu la Chipwitikizi pa wailesi. Anthu amenewa sanavomere kusekedwa, sanalipidwe, ndipo mawa ayenera kudutsa pa msika womwewo anthu akuwaloza. Laurel ndi Hardy akagwa, anali akatswiri amene anakonzekera kugwako, anagwirizana, ndipo analandira malipiro. Izeki ndi Jakobo ankadzisandutsa okha zitsiru kuti ife tidzione mwa iwo. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa munthu amene wadzipereka kuti tiseke ndi munthu amene tamugwira kuti timuseke.

Zotsatira zake timaziona m'kalasi. Mwana amene wazolowera kuti chosekesa ndi munthu wolakwitsa, amabwera nacho chizolowezicho kusukulu. Mnzake akaphonya liwu powerenga, kalasi yonse imaphulika, ndipo wophonyayo sadzakwezanso dzanja mpaka chaka chithe. Aphunzitsi anzanga mukudziwa ana angati amene ali chete m'makalasi mwathu, osati chifukwa sadziwa yankho, koma chifukwa anasekedwapo kamodzi. Kuletsa ana kuseka sikungatheke, ndipo sikoyenera. Chimene tingathe ndi kuwapatsa zinthu zabwino zoti aziseka, n'kuwakumbutsa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsopano madandaulo aja. Loyamba ndimalimva kwa makolo: mafilimu amenewa ndi omenyana, ana atengera. N'zoona kuti muli kupondana, kutsinana ndi kuswa zinthu, ndipo mwana wamng'ono sayenera kuonera yekha popanda wamkulu womuuza kuti nyundo yeniyeni siseketsa. Koma taonani mmene ndewu imathera m'timafilimuti. Palibe amene amatuluka ngwazi chifukwa chomenya mnzake. Womenya amaoneka wopusa kuposa womenyedwa, ndipo kawirikawiri chibakera chake chimakathera pa khoma. Yerekezani ndi mafilimu a mfuti ndi a karate amene ana omwewo amaonera m'mabaraka madzulo, mmene wopha anthu ambiri ndiye amaomberedwa m'manja. Ngati tikuopa kutengera, tiyambe taopa amenewo.

Dandaulo lachiwiri ndi la anzanga ena ophunzira: izi ndi za azungu, zinapangidwa pamene agogo athu ankagwira chibalo, tiziperekeranji kwa ana a Mozambique womasuka? Funsoli ndi loyenera. Mafilimu ena a ku America a nthawi imeneyo ali ndi mbali zonyoza anthu akuda, ndipo ngakhale mwa Laurel ndi Hardy akazi a panyumba kawirikawiri amaonetsedwa ngati olongolola okhaokha. N'chifukwa chake mphunzitsi ayenera kuonera yekha kaye, n'kusankha. Koma tionenso kuti awiriwa ali mbali iti. Iwo ndi aganyu, onyamula katundu, ogulitsa malonda osayenda, ndipo amene amasekedwa nawo limodzi ndi akuluakulu odzitukumula. Mu The Music Box muli pulofesa wina amene amafika pa masitepe paja n'kulamula kuti amupatse njira, akutchula maudindo ake onse. Chipewa chake chachitali chimagwetsedwa, chimagubuduka mpaka kumsewu, galimoto n'kuchiponda. Mwana wa wogwira ntchito mu mgodi wa malasha safunika womasulira kuti amve kukoma kwa chipewa chimenecho. Ndipo ine sindikunena kuti tisiye zathu. Ndikunena kuti tiike Bucha ndi Estica pambali pa Izeki ndi Jakobo, ana aone kuti akatswiri athu anali a msinkhu womwewo.

Dandaulo lachitatu ndi lenileni kuposa onse: nthawi ndi zipangizo. Sukulu zambiri za kumidzi zilibe magetsi, pulogalamu ya maphunziro ndi yodzaza, ndipo kalasi yanga yokha ili ndi ana oposa 60. Koma apa ndi pamene kufupika kwa timafilimuti kumathandiza. Simufunika maola awiri, simufunika zokuzira mawu, simufunika kumasulira. Mphindi khumi pa foni imodzi yochajidwa bwino, ana akuonera m'magulu pamene ena akujambula kapena kulemba, zimakwana. Ku sukulu ya uphunzitsi tinkauzidwa kawirikawiri kuti chipangizo chabwino ndi chimene chilipo.

Mmene ndimachitira ine ndi motere. Lachisanu, pa phunziro lomaliza, ndimaonetsa kachigawo kochepa nditatseka mawu. Ngozi ikatsala pang'ono kuchitika ndimaimitsa, n'kufunsa kuti, chichitike n'chiyani, ndipo mwadziwa bwanji? Kenako aliyense amafotokozera mnzake zimene waona, m'chilankhulo chimene chili pafupi ndi lilime lake. Kuno ku Moatize, chiyambire pamene migodi ikuluikulu ya malasha inatsegulidwa cha m'ma 2011, kalasi imodzi imakhala ndi ana olankhula Chinyungwe, Chinyanja, Chisena ndi ena odziwa Chipwitikizi chokha. Pa mphindi khumi zimenezo onse amakhala ofanana, palibe wotsalira. Ndipo pofotokoza m'pamene chuma chimatuluka. Piyano siingotsika, imapita gubudugubudu. Wonenepa uja sangogwa, amati khu! pansi, m'madzi amati phava! Woondayo amangoti kakasi, maso tong'o. Mivekero imeneyi mwana sangaipeze m'buku la Chipwitikizi, koma ali nayo kale m'kamwa, ndipo akaona kuti aphunzitsi akuilemba pa bolodi amadziwa kuti zimene amalankhula kwawo ndi zolembeka.

Sabata yotsatira ndimawagawa awiriawiri kuti apange kasewero kawo ka mphindi ziwiri: kunyamula ndowa, kupachika chithunzi, kugawana mpando umodzi. Malamulo ndi atatu. Osamenyana zenizeni. Osatsanzira chilema, mtundu kapena kalankhulidwe ka munthu. Osatchula dzina la munthu weniweni. Poyamba amadandaula kuti ndiye tiseketsa ndi chiyani? Kenako amatulukira okha kuti kuseketsa popanda kunyoza kumafuna nzeru, kumafuna kugwirizana ndi mnzako, kumafuna kudikira nthawi yoyenera. Ana ena amene m'masamu amakhala kumbuyo, apa ndi amene amatsogolera, ndipo ulemu umene amaupeza tsiku limenelo amalowa nawo m'maphunziro ena.

Chomaliza chimene chikundidetsa nkhawa ndi kusunga. Hardy anamwalira mu 1957. Laurel anakana kuseweranso popanda mnzake mpaka imfa yake mu 1965. Koma ntchito yawo inasamalidwa. Big Business inalowa m'kaundula wa mafilimu osungidwa ndi Library of Congress ku America mu 1992, The Music Box mu 1997, ndipo n'chifukwa chake mwana wa ku Moatize akutha kuonera piyano ija patapita zaka zoposa 90. A Nyanga anatisiya mu 2016, a Mabedi mu 2021. Zimene zimafika m'mafoni mwathu ndi tizidutswa tosaoneka bwino, todulidwa pakati, topanda chaka, topanda dzina la sewero. Madisiki amene tinagula aja akukandika m'makatoni, makaseti akudyedwa ndi chinyezi. Ifenso kuno tikudziwa kuti zithunzi sizichedwa kutayika: moto wa mu 1991 ku Instituto Nacional de Cinema ku Maputo unaononga mbali yaikulu ya nyumba ndi zipangizo za bungwe limene linkajambula Kuxa Kanema.

Choncho pempho langa lili pawiri. Kwa inu amene muli ndi kaseti kapena disiki ya Izeki ndi Jakobo, kapena ya gulu lililonse la zisudzo la m'dera lathu, musaitaye posesa m'nyumba. Ipukuteni, muisunge pouma, mulembe pa chikuto chaka ndi malo amene munaigula. Musaisandutse malonda okopera ena, chifukwa akatswiriwa anasiya mabanja amene ayenera kudya thukuta lawo. Kwa a wailesi, a MBC ndi a Rádio Moçambique ku Tete amene amaulutsa m'Chinyanja, zisudzo zakale zimene muli nazo muziziulutsanso, ndipo muzitchula mayina a amene anasewera, kuti ana adziwe kuti kumbuyo kwa Izeki kunali munthu amene anagwira ntchito.

Kwa aphunzitsi anzanga, yesani kamodzi kokha teremu ino. Sankhani kafilimu kamodzi, muonere nokha kaye kunyumba, kenako mupite nako m'kalasi. Muyang'ane kwambiri nkhope za ana kuposa foniyo, makamaka aja amene sanalankhulepo chiyambire chaka. Mukatero mudzandiuze ngati mukuganizabe kuti ndi zachibwana.